J wa mu Fayilo ya Mkaka

1

Ngati munalipo pa msonkhano wa alimi a mkaka ku Palabana mu Okutobala chaka chatha, mukundidziwa kale. Ndine mkazi uja anavala suti ya buluu, n'kuima pafupi ndi pulojekita, n'kuipitsa mbiri ya anthu anayi m'mphindi khumi. Ngati simunalipo, nkhaniyi munaimva mu minibasi, koma munaimva yopindika. Ena amati ndinamenya munthu ndi kompyuta. Sindinamenye munthu. Mwina zikanakhala bwino ndikanamenya, chifukwa chotupa chimaphwa pakatha sabata.

Dzina langa ndi Purity. Ndinaphunzira za makompyuta ku Lusaka zaka ziwiri, n'kubwerera kwathu ndi dipuloma, nsapato zazitali zidendene, ndi kunyada kokwanira mudzi wonse. Ntchito sindinaipeze. Ndinapeza Sanford. Iye amayendetsa kagalimoto ka kopaletivi yathu, kutolera zigubu za mkaka ku Kanakantapa ndi cha ku Kasisi m'mawa uliwonse. Ndi mwamuna wabwino, wa zala zonenepa ngati chinangwa, ndipo uthenga wachikondi wautali kwambiri umene ananditumizirapo pa foni unali wakuti: "Nabwera. Kuli ndiwo?"

Amayi anga, amene aliyense kuno amawatchula kuti amake Purity, anali kalaliki wa kopaletiviyo kwa zaka khumi ndi chimodzi. Atate anga, Ba Ezron, anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo moyo wa amayi unali wa malo atatu: ofesi, khola, ndi Chigwirizano cha amayi ku tchalitchi, kumene anali wapampando woopedwa ngakhale ndi abusa. Diso lawo litachita ng'ala, madokotala anati alichite opaleshoni ndipo apume miyezi itatu. Komiti inafuna munthu wogwirizira. Ndinalowa mu ofesi muja ngati mvula yoyamba, ndikudziwa mumtima kuti anthu awa sanaonepo munthu wophunzira ngati ine.

Pali anthu ena awiri oti muwadziwe. Woyamba ndi Jenala, mtsikana amene ankayang'anira thanki yoziziritsira mkaka pa ofesi. Masana aliwonse ankalandiranso matabuleti athu atatu, timakompyuta ta m'manja tolembapo za mkaka, kuchokera kwa oyendetsa, n'kukopera mafayilo ake mu kompyuta. Anali wokongola mokwiyitsa, ndipo anali pa chitomero ndi mphunzitsi wina dzina lake Peterson. Wachiwiri ndi Ba Amon, mkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, katekisiti wopuma, amene amayeza mkaka pa malo athu a cha ku Kasisi atamanga tayi, ngakhale dzuwa likuwotcha moti agalu akukana kuuwa.

2

Ntchito yathu imayenda motere. Mlimi akabweretsa mkaka, pa tabuleti pamalembedwa mzere umodzi wa zigawo zisanu ndi chimodzi zolekanitsidwa ndi timipatuliro: tsiku, nambala ya mlimi, malita, ndemanga, malo, ndi nambala ya tabuletiyo. Chigawo cha ndemanga ndi cholembamo zinthu ngati "wasasa" kapena "muli madzi", pakuti alimi athu ena amakhulupirira kuti ng'ombe ndi chitsime ndi pachibale.

Nditangotha sabata ziwiri, kampani yogula mkaka wathu inatumiza uthenga kuti yasintha makina ake, ndipo ikufuna mafayilo onse a zaka zitatu monga momwe anatulukira mu matabuleti. Ndinawatumiza. Anabwezedwa onse ndi chiganizo chimodzi chokha, chakuti muli mizere yosakwanira. Sanatchule kuti ndi iti. Mafayilowo anali oposa chikwi.

Madzulo ndinapitira kwa amayi. Ndinawapeza pakhonde, diso lina litamatidwa ndi thonje, akusankha nyemba ndi diso limodzi. Nditawauza, manja awo anaima mu lichero. Anati mizere yodukayo akuidziwa, ndi vuto lakale la matabuleti, ndipo iwo ankaikonza pamanja polemba malipoti. Anati ndiwapemphe a kampani adikire mpaka diso lipole.

"Usavutike nayo, mwana wanga," anatero. "Iyo ni nchito ya ine."

Ndinaseka. Ndinawauza kuti kukonza pamanja ndi kwa anthu amene anaphunzira pa makina a taipi, ndipo zimene iwo ankachita masabata ine ndizichita madzi a tiyi asanawire. Anapitiriza kusankha nyemba, koma ndinaona kuti akutaya zabwino n'kusunga zofumbwa.

M'mawa mwake ndinatsegula shelo, kawindo kakuda kaja kamene munthu amalamulira kompyuta mwachindunji polemba mawu, kamene Ba Chair, wapampando wa kopaletivi yathu, amakayang'ana cham'mbali ngati kachisi wa mizimu. Ndinalemba kasikiripiti ka mizere inayi. Mtima wake unali uwu: awk -F, 'NF != 6'. M'chilankhulo cha anthu, ndinali kuiuza kompyuta kuti ilowe mu fayilo iliyonse, iwerenge zigawo za mzere uliwonse, ndipo mzere umene zigawo zake sizili zisanu ndi chimodzi indionetse pamodzi ndi dzina la fayilo yake.

Ndinadina batani. Madzi a tiyi anali asanayambe n'komwe kulira mu ketulo.

3

Panatuluka mizere 312, ndipo inali iwiriiwiri. Ndinaona vuto lake msanga. Munthu wina ankati akafika pa chigawo cha ndemanga, ankadina batani loyambira mzere watsopano, ngati munthu woyamba ndime ya kalata, motero mzere unkaduka pakati. Theka loyamba linali ndi tsiku, mlimi ndi malita. Theka lachiwiri linali ndi ndemanga, malo ndi nambala ya tabuleti.

Ndinadziombera m'manja mumtima. Kenako ndinayamba kuwerenga ndemangazo.

"J naona mbalame ziwiri pa waya wa malaiti nakumbukira ife."

Ndinaganiza kuti maso anga nawonso achita ng'ala. Ndinawerenga wotsatira.

"J bondo langa lipweteka koma mtima uli bwino chifukwa muliko."

"J dzulo munapita pafupi na ine simunaniyang'ane. Namvetsa. Koma chitenge chija chikuyenerani."

"J mkaka wa lero ni wambiri koma ine nili na ludzu."

Zinali choncho Lachiwiri lililonse kwa zaka zitatu, makalata 156, osaphonya ngakhale pa Khirisimasi. Onse ankathera ndi mawu ofanana: Kasisi, 2. Tabuleti nambala 2, malinga ndi buku la mu ofesi limene linali patsogolo panga, inali m'manja mwa munthu mmodzi kuyambira tsiku limene inagulidwa. Munthuyo anali atasaina ndi zilembo zake zazikulu zopendekeka: Sanford.

Thanki inkalira kuseri kwa khoma. Kenako ubongo wanga wa dipuloma unayamba kugwira ntchito. Sanford amachedwa pa Kasisi chifukwa pali alimi ambiri, choncho nthawi yolemba anali nayo. Bondo lake anavulala pa mpira tisanakwatirane. Tabuleti ikachoka m'manja mwake imapita m'manja mwa yani? Mwa Jenala. J. Ndipo kalata yotsiriza, yolembedwa sabata imodzi ndisanayambe ntchito, inati: "J namva kuti kubwera maso atsopano. Nileka kaye. Nidzapirira."

Maso atsopanowo ndinali ine. Zonse zinalumikizana bwino kwambiri moti ndinadzimvera chisoni ndi kudzitama nthawi imodzi.

Ndikuuzeni zoona, chimene chinandipweteka kwambiri sichinali chibwenzicho. Amuna a magalimoto timawadziwa. Chinandipweteka ndi mbalame zija. Zaka zinayi za ukwati, ine wa "kuli ndiwo", pamene kamtsikana ka pa thanki kakulandira mbalame ziwiri pa waya. Ndiponso ankakalemekeza, ankakatchula kuti inu.

Pa nthawi yomweyo Jenala anasuzumira pakhomo, akumwetulira, n'kundifunsa ngati ndikufuna mandasi aja timati fritasi. Ndinamuuza kuti ndakhuta.

4

Tsiku lomwelo ndinamupeza Sanford kuseri kwa nyumba akutsuka matayala a galimoto. Ndinamufunsa mofatsa, ngati munthu wofunsa za nyengo, kuti tabuleti nambala 2 amaigwira ndani.

"Ni ine," anatero. "Nani winanso?"

Ndinamufunsa ngati sanaibwerekepo munthu, ngakhale kamodzi. Anayang'ana mu ndowa, n'kuyang'ana tayala, n'kunena kuti malamulo a kopaletivi salola, munthu atha kuchotsedwa ntchito. Khutu lake lakumanzere linkagwedera. Limagwedera akamanama. Ndinamufunsa za bondo, ndipo anati limapweteka kukazizira. Ndinati pepani, koma mtima uli bwino, eti? Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina.

Mkazi wanzeru akanatulutsa pepala pomwepo. Ine ndinali wophunzira, osati wanzeru. Msonkhano waukulu wa mamembala unali patsogolo ndi sabata ziwiri, ndipo Ba Chair anali atandipempha kale kuti ndikaonetse alimi mmene ndathetsera vuto la mafayilo, kuti aone kuti kopaletivi yalowa m'nthawi yatsopano. Ndinaganiza kuti ndiwaonetsadi.

Sabata ziwirizo ndinakhala mkazi wabwino koposa m'boma lonse la Chongwe. Ndinkamuphikira Sanford nkhuku pakati pa sabata. Ndinkamusisita bondo. Iye anayamba kuchita mantha, n'kufunsa anzanga ngati ndili ndi pakati kapena ndalowa tchalitchi chatsopano. Ku ofesi ndinkamuyang'anitsitsa Jenala. Ndinaona kuti amaseka nthabwala za Sanford, ndipo aliyense wodziwa nthabwala za Sanford akudziwa kuti umenewo ndi umboni wokwanira kukhoti.

Amayi anandifunsa kawiri ngati ndaipeza mizere ija. Ulendo wachiwiri ndinavomera. Anafunsa chimene ndaonamo. Sindinafune kuwasenzetsa mavuto a ukwati wanga ali odwala, choncho ndinati ndi zinyalala chabe, zamanyazi, zosayenera munthu wamkulu kuziwerenga.

"Oho," anatero amayi. Anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo sanandiperekeze mpaka pa geti.

5

Tsiku la msonkhano linatentha ngati chilango. Tenti inamangidwa pabwalo la ofesi, njinga zitatsamira mpanda wonse, alimi oposa zana atakhala pa mabenchi. Kutsogolo kunali a komiti ndi alendo awiri a ku kampani. Amayi anabwera atavala magalasi akuda a kuchipatala, n'kukhala pakati pa anzawo a Chigwirizano. Amake a Peterson, amene ali ndi ng'ombe ziwiri ndi pakamwa pa ng'ombe khumi, anakhala pa benchi yachiwiri. Jenala ankagawa zakumwa. Sanford anali kumbuyo ndi oyendetsa anzake. Pulojekita tinabwereka, ndipo nsalu yoonetserapo inali shiti ya pabedi ya Ba Chair.

Nthawi yanga itakwana ndinafotokoza za zigawo zisanu ndi chimodzi, za shelo, za kasikiripiti. Theka la anthu linayamba kuwodzera. Ndinati tsopano tione mizere yoduka ija, n'kudina batani.

Mawu anadzaza shiti yonse. Popeza ambiri sakanatha kuwerenga ali patali, ndinawathandiza. Ndinatenga maikolofoni n'kuyamba ndi mbalame.

Owodzera anadzuka. Pofika pa bondo, tenti yonse inali kuseka. Pofika pa ludzu, mdala wina wa ku Kanakantapa anagwa pa benchi, ndipo mayi wina anapempha kuti ndibwereze ya chitenge. Ba Chair ankandikodola kuti ndileke, koma nawonso ankafuna kumva yotsatira. Ndinawerenga khumi ndi iwiri, ndi mawu okoma ngati wa pa wailesi.

Kenako ndinati makalata onsewa achokera pa tabuleti nambala 2, ndipo aliyense akudziwa mwini wake, chifukwa ndimagona naye nyumba imodzi. Ndinati za J sindinena zambiri, koma pa ofesi pano pali munthu mmodzi amene amalandira tabuletiyo masana aliwonse. Ndinatembenuka n'kumuyang'ana Jenala. Anthu zana anatembenuka nane.

Jenala anali atanyamula kireti ya zakumwa. Anaiika pansi pang'onopang'ono, ngati muli mazira. Amake a Peterson anaimirira, anakonza chitenge, anatuluka mu tenti foni ili kale kukhutu.

Sanford anabwera kutsogolo akupunthwa pa miyendo ya anthu. Thukuta linali kuyenderera m'khosi. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana a komiti.

"Ba Chair, nichotseni nchito ngati mufuna," anatero. "Ine pa Kasisi sinilembapo. Zala zanga zidina mabatani awiriawiri. Nimapatsa Ba Amon tabuleti, ine nikweza zigubu. Zaka zonse izi."

Mitu zana inatembenukira kwa Ba Amon. Mkuluyo anali pa benchi yachitatu, chipewa pa bondo. Anakweza dzanja n'kumasula tayi, ndipo anthu amene amudziwa zaka makumi atatu akuti aka kanali koyamba kuona khosi lake. Sanakane. Anangoti makalatawo ndi ake, ndipo Sanford sadziwa kanthu.

Mukuganiza kuti zinthu zinapepuka? Zinaipiratu. Manong'onong'o anayenda mu tenti ngati moto wa mu udzu: katekisiti, mdala wa zidzukulu, ndi kamwana ka pa thanki. Wina anafunsa mokweza kuti J ndani. Ba Amon anati zimenezo sanena, ngakhale amuchotse mu mpingo. Jenala anayamba kulira, akubwereza kuti iye sanawerengepo fayilo iliyonse, amangolumikiza chingwe. Palibe amene ankamumvera.

Pamenepo ndinaona amayi akuimirira. Ndinaganiza kuti akubwera kudzandichotsa kutsogolo. Anavula magalasi akuda aja, diso lopola kumene likutuluka misozi chifukwa cha kuwala, ndipo analankhula ndi mawu amene amatsegulira nawo mapemphero.

"Musiyeni mwana uyo. J ndine."

Ine ndinaseka pang'ono, ndikuganiza kuti akufuna kumuteteza mtsikanayo. Ndinati amayi, khalani pansi, inu ndinu amake Purity.

"Dzina langa ni Juliana," anatero. "Ninali nalo iwe usanabadwe."

6

Dzina la amayi ndimalidziwa. Lili pa chiphaso changa chobadwira. Koma ndikulumbira, m'sabata ziwiri zonse zija, ndikuwerenga makalata aja mobwerezabwereza mpaka kuwaloweza, silinandidutsepo m'mutu ngakhale kamodzi. Munthu yekhayo amene ankatsegula mafayilo aja ndi kuwerenga mzere uliwonse kwa zaka zitatu anali iwo. Anali atandipempha kuti ndiwasiyire. Maso atsopano anali diso lawo lomwe, ndi ine pamodzi. Kompyuta inandipatsa zonse, koma m'mutu mwanga amayi anali chinthu chophika, chopemphera ndi chokalipa, osati munthu woti wina angaone mbalame n'kumukumbukira.

Msonkhano unatha wopanda pemphero. M'mawa mwake ndinapita kwawo. Ndinawapeza ku khola akupatsa ana a ng'ombe madzi, ndipo anandisiya nditaima mpaka ndowa yachitatu.

Atayamba kulankhula sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. Anati Ba Amon anayamba ndi ndemanga imodzi, yowathokoza chifukwa chowakonzera dzina la mlimi limene analakwitsa. Iwo anayankha kuseri kwa kapepala ka malita kamene ofesi imatumiza ku malo aliwonse Lachisanu. Kuyambira pamenepo mkuluyo ankalemba pa tabuleti, iwo ankayankha pa kapepala, ndipo Sanford ankanyamula zonse ziwiri osadziwa kuti ndi positi ofesi. Polemba malipoti ankalumikiza mizere pamanja n'kuchotsa mawuwo, koma mafayilo oyambirira sankawakhudza. Ankawasunga dala. Masiku ena, anthu onse akapita ku nkhomaliro, ankawatsegula n'kuwerenganso.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanagwiritsire ntchito foni ngati anthu ena onse. Anandikumbutsa kuti Lamlungu lililonse ndimatenga foni yawo kuti ndiikonze, ndipo ndimaikonza poyambira ku mauthenga.

Ndinafunsa chimene ankabisira. Onse awiri ndi ofedwa, ana awo ndi akuluakulu. Ndinati kapena ndi nkhani ya matchalitchi, iwo a Chigwirizano, mkuluyo Mkatolika. Anapukusa mutu. Anati abusa ndi ansembe akanatha kuwagonjetsa onse awiri tsiku limodzi asanadye nkhomaliro.

"Ninali kuopa iwe," anatero.

Apa ndiye pali chimene sindinauzepo munthu, ngakhale Sanford. Tsiku limene tinaika atate, achibale atasonkhana pabwalo, amalume ena ananena mwanthabwala kuti amayi akadali ndi mphamvu, apeza wina. Ine ndinaimirira pamaso pa onse, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, n'kulumbira kuti mwamuna aliyense amene adzakhale pa mpando wa atate ndidzamuthira madzi otentha, ndipo tsiku limenelo amayi adzakhala alibe mwana. Anthu anandigwira, anati ndi chisoni. Ine ndinaiwala mwezi usanathe. Amayi anazisunga zaka zisanu ndi chimodzi. Ba Amon anawafunsira kanayi, ndipo kanayi konse anayankha kuseri kwa kapepala ka malita kuti adikire, mwana sanakonzeke.

Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja. Anati za mu tenti atha kuzipirira, anthu aseka ndipo atopa. Chimene chinawalasa ndi tsiku lija anandifunsa kachiwiri za mizere ija. Iwo ankaganiza kuti ndazindikira kuti makalatawo ndi awo, ndipo yankho langa linali lija.

"Unati ni zinyalala," anatero. "Makalata amene ananisunga wamoyo zaka zitatu."

Ndinalira mpaka ana a ng'ombe anasiya kumwa n'kumandiyang'ana. Amayi anandisiya ndilire, kenako anandipatsa ndowa n'kundiuza kuti popeza ndabwera, nditunge madzi.

7

Mafayilo ndinawakonza sabata yomweyo. Ndinalemba kasikiripiti kena kolumikiza mizere yoduka, ndipo a kampani anawalandira osadandaula. Makalata 156 aja ndinawasindikiza pa mapepala abwino, ndi zilembo zazikulu zoti diso latsopano liziona, n'kukawasiya pa tebulo la amayi. Sanathokoze, koma sanandibwezere.

Sanford anaimitsidwa ntchito mwezi umodzi chifukwa chobwereketsa tabuleti. Anakakhala kwa mkulu wake ku Chongwe sabata zitatu, osayankha foni. Atabwerera anandiuza kuti chimene chinamuwawa si kumuganizira chibwenzi, koma nkhuku zija. Anati anadya nkhuku zinayi akuganiza kuti ndimamukonda, pamene ndinali kumunenepetsa ngati wa pa Khirisimasi. Mpaka lero ndikaphika nkhuku pakati pa sabata amafunsa kaye chimene walakwa.

Amayi anatula okha pansi udindo wa ku Chigwirizano, asanawapemphe. Ukwati wawo ndi Ba Amon unachitika mu Meyi. Mkuluyo anabwera kudzandiona usanachitike, tayi ili pakhosi, n'kundifunsa mwaulemu ngati madzi aja akadali pamoto. Ndinamuuza kuti anazizira. Pa phwando, mdala uja wa ku Kanakantapa anaimirira n'kunena pamtima kalata ya mbalame, ndipo amayi anaseka mpaka kudziphimba ndi chitenge.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo.

Amake a Peterson anatuluka mu tenti amayi asanaimirire. Pamene zoona zinkafika kwawo madzulo, foni yawo inali itafika kale kwa achibale onse mpaka ku Kabwe. Atamva kuti mtsikanayo analibe mlandu, sanafune kubweza mawu. Anati kaya ndi zoona kaya ndi zabodza, mtsikana amene dzina lake lasekedwa pa maikolofoni salowa m'banja lawo. Peterson, mphunzitsi wa ana a anthu, anamvera amake. Jenala anasiya ntchito mwezi womwewo.

Ndinapita kwawo asanasamuke. Ndinapepesa nthawi yaitali, ndi mawu onse amene ndimadziwa. Anamvetsera akupinda zovala. Nditamaliza anandiyang'ana koyamba.

"Ba Purity, munali na kompyuta, na dipuloma, na sabata ziwiri," anatero. "Tebulo langa linali pa khomo panu. Mukananifunsa chabe."

Sanandikhululukire.

Owerenga anzanga, sindikuuzani kuti muziopa makompyuta. Kasikiripiti kanga sikananame. Ndinakafunsa mizere yosakwanira, kanandipatsa mizere yosakwanira, ndipo zimene zinkasowapo ndinadzaza ndekha ndi nsanje yanga. Sindikuuzaninso kuti musamakayikire amuna anu, chifukwa ena mwa inu muli ndi zifukwa zomveka. Ndikungoti musanabwereke pulojekita, gogodani kaye pa chitseko cha munthuyo. Ndipo inu amene muli ndi amayi ofedwa amene mumawaona ngati mpando wa pakhonde, lero muwatchule dzina lawo lenileni, muone mmene atembenukire.

Ndamva kuti Jenala akugwira ntchito pa sitolo ina ya mankhwala a ziweto m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Lusaka. Ndalemba zonsezi kuti aliyense amene anamva bodza langa amvenso kuchokera kwa ine kuti mtsikanayo sanalakwe kalikonse. Ngati mumamudziwa, chonde musamuwerengere nkhaniyi mokweza, zamokweza zinamukwana. Ingosiyani magaziniyi pa kauntala, muzipita. Akafuna atsegula yekha.